Makiyi a ubongo amene atigulitsa pa foni

Ukangotamba kavidiyo kamodzi kokamba za mphamvu zobisika za ubongo, foni imakukonkha nazo mlungu wonse. Uyu akuti vala mahedifoni, umvele kulila kwina kwake mamineti 7 m'maŵa ulionse, ubongo wako uloŵe mu theta. Uyu akuti boma la America linabisa cinsinsi ca mmene munthu angatulukile m'thupi lake, lomba cinsinsico caululika. Winanso agulitsa makapisozi onola nzelu pa WhatsApp, akubweletsela mpaka pakhomo. Ukaseluka basi mu tauni, pa mtengo wa malaiti pali pepala la dokota wocokela kutali amene ali na mankhwala opasila mayeso, pansi pake obweza mkazi wothaŵa. Ukafika ku komboni, pa kona pali mnyamata amene alumbila kuti nyimbo zake zonse zabwino anazilemba atakoka dobo.

Onsewa agulitsa nkhani imodzi. Akuti m'mutu mwako muli cipinda cokhoma, m'cipindamo muli munthu wanzelu kupambana iwe, ndipo kiyi yake ni kusintha mmene ubongo ulili, kaya na kulila, kaya na utsi, kaya na pilisi. Ise sitiseka aliyense amene amaimilila kuti amvetsele. Munthu amene walemba Giledi 12 kaŵili, kapena amene digili yake ili mu envulopu caka cacitatu osapeza nchito, ali na cifukwa comveka cofunila khomo la kumbuyo. Vuto ni malipilo ake. Ena alipila na mabundle cabe, ena na ndalama ya lendi, koma pali ena amene alipila na mutu womwewo umene anali kufuna kutsegula. Maganizo athu ni akuti ubongo umasinthadi mkhalidwe wake, ndipo kusinthako nthawi zina kumabweletsa yankho limene dzulo tinalibe. Koma kusintha kumene kuli na umboni wolimba palibe amene akugulitsa, cifukwa ni tulo, ndipo tulo ndito timayamba kutaya tikafuna kukhala anzelu.

Tiyambe na nambala yochuka ija, yakuti munthu aseŵenzetsa 10 pelesenti cabe ya ubongo wake. Ambili tinaimva mu filimu ya Lucy ya mu 2014, mmene Morgan Freeman anaikamba ali ciimile monga pulofesa, na mawu ake aja amene olo atakuuza kuti nshima ni ya buluu ungavomele. Filimu ya Limitless ya mu 2011 nayo inali na nkhani yofanana, pilisi limodzi losandutsa munthu wolephela kukhala katswili. Mizu ya nkhaniyi ni yakale. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, William James wa pa Harvard anali kuphunzitsa kuti anthu saseŵenzetsa mphamvu zonse za maganizo awo, zimene mphunzitsi aliyense wa pa sukulu ya boma angakuuzeni. Mu 1936 mtolankhani Lowell Thomas, polemba mawu oyamba a buku la Dale Carnegie lophunzitsa kupeza mabwenzi, anaikapo nambala ya 10 na kukamba kuti ni ya James. Bukulo linagulidwa mamiliyoni, nambala nayo inafalikila pamodzi nalo.

Thupi lenilenilo silivomeleza. Ubongo umalema pafupi-fupi kilo imodzi na hafu, kutanthauza 2 pelesenti ya thupi, koma umadya 20 pelesenti ya mphamvu zimene thupi limaseŵenzetsa munthu akakhala cabe. Palibe amene amalipila lendi ya nyumba ya zipinda 10 kuti azigona m'cimodzi, ndipo thupi ni laumbombo pa nkhani ya cakudya kupambana landilodi aliyense. Amene tinadwazikako kholo la sitroko tidziŵa kuti kamalo kakang'ono kakawonongeka, dzanja limafa kapena mawu amasoŵa. Makina ounika ubongo aonetsa kuti pa tsiku lathunthu mbali zake zonse zimaseŵenza, olo munthu ali m'tulo. N'zoona kuti maselo ake pafupi-fupi 86 biliyoni sayaka onse pa nthawi imodzi, ndipo tiyamike kuti sayaka. Maselo ambili akayaka pamodzi mosalamulilika, cimene cimacitika cili na dzina kale: ni khunyu.

Koma pali nkhani zina zimene ogulitsa makiyi amazikonda ngako, ndipo izi n'zoona, sitingazikankhile kumbali. Mu 1994 Tony Cicoria, dokota wa mafupa ku New York, anawombedwa na mphenzi atangotsiliza kukamba pa foni ya anthu onse. Anapulumuka, ndipo patapita milungu yocepa anagwidwa na njala ya nyimbo za piyano imene analibe kale, mpaka anayamba kumva nyimbo zatsopano m'mutu mwake na kuzilemba. Mu 2002 Jason Padgett, wogulitsa mipando ku Tacoma, anamenyedwa m'mutu na akawalala kunja kwa bala. Kucokela apo anayamba kuona zinthu zonse monga mizele na makona, madzi otsika mu sinki, kuwala kwa pa galasi, ndipo anayamba kujambula na manja zithunzi za masamu zovuta kwambili. Mu 2006 Derek Amato anadumphila m'dziŵe losambila losazama, anagunda mutu pansi, ndipo patapita masiku ocepa anakhala pa piyano na kuiliza kwa maola. Dokota wa za maganizo Darold Treffert wa ku Wisconsin, amene anamwalila mu 2020, anathela zaka zambili akusonkhanitsa nkhani za anthu otele.

Nkhani imene imatikhudza kwambili ni ya Anne Adams, wasayansi wa ku Vancouver amene anasiya nchito yake na kuyamba kupenta. Mu 1994 anapenta cithunzi cimene anasandutsa nyimbo ya Boléro kukhala mitundu, kacigawo kalikonse ka nyimbo na kacithunzi kake. Patapita zaka zingapo mawu anayamba kumuthaŵa. Madokota anapeza kuti anali na matenda amene amadya pang'ono-pang'ono mbali ya kutsogolo ya ubongo ca kumanzele, kumene kumakhala cinenelo, pamene mbali ina ya kumbuyo ca kumanja, yoona na kulumikiza zinthu, inali yokula kupambana ya anthu ena. Anamwalila mu 2007 asakwanitsa kukamba. Bruce Miller, dokota wa ubongo ku San Francisco amene anamuona, anali atalemba kale m'zaka za m'ma 1990 za odwala ena a matenda amenewa amene anayamba kupenta matenda atawagwila.

Kodi izi zitiuza ciani? Asayansi ambili amazifotokoza na sefa. Maso na makutu amatunga zinthu zambili-mbili, ndipo ubongo umasefa, umataya madeya na kutipatsa ufa: uyu ni amake Mwansa, iyi ni basi ya ku Matero, apa pali dzenje. Popanda sefayo sitingadumphe Cairo Road. Mbali ina ya ubongo ikavulala, sefa imang'ambika, ndipo tinthu tating'ono-ting'ono timene tinali kutayidwa timayamba kufika. Allan Snyder wa ku Sydney anayesa kucita zimenezi mwadala, kwa kanthawi cabe, poika mphamvu yocepa ya malaiti pa mutu kuti afooketse mbali ya kumanzele na kudzutsa ya kumanja. Mu 2012 iye na mnzake anapatsa anthu funso la madontho 9, oikidwa atatu-atatu, kuti awalumikize onse na mizele inayi yowongoka osanyamula bopeni. Popanda malaiti palibe anakwanitsa, koma mwa amene anaikidwa malaiti oposa 40 pelesenti anakwanitsa. N'zocititsa cidwi. Koma anthu ake anali ocepa ngako, osakwana olo kilasi imodzi ya pa sekondale, ndipo palibe amene anatuluka m'cipinda cija ali katswili wa masamu.

Walila mvula walila matope. Padgett anakhala zaka zingapo wodzitsekela m'nyumba, mawindo atachinga na mabulangeti, akusamba m'manja kosaleka cifukwa ca mantha a tuzilombo. Amato anatsala na mutu woŵaŵa, kuiŵala, na khutu limodzi losamva bwino. Ndipo ciŵelengelo cake n'coopsa. Ofufuza amayelekezela kuti anthu oposa 60 miliyoni pa dziko lonse amavulala ubongo caka ciliconse, pamene amene anatulukamo na luso latsopano, olembedwa m'mabuku a madokota, ni makumi angapo cabe. Aliyense amene anasungako m'bale wovulala mutu pa ngozi ya pa msewu adziŵa zimene kambili zimakonkhapo: kuiŵala, ukali wosadziŵika bwino, kulephela kubwelela ku nchito. Amenewo palibe amene amawapangila kavidiyo.

Pali cinanso cimene mavidiyo amadumpha. Cicoria sanauke pa bedi la cipatala ali woliza piyano. Anagula mabuku a nyimbo, anali kuuka 04:00 kuliza mpaka nthawi yopita ku nchito, akabwelako n'kukhalanso pa piyano, ndipo pambuyo pake anapeza mphunzitsi. Cikwati cake cinatha mu 2004. Padgett anacita kupita ku koleji kukaphunzila masamu kuti adziŵe maina a zimene anali kuona. Cimene ngozi inawapatsa kwambili ni njala yosakhuta ya cinthu cimodzi, ndipo luso linakula pa maola amene njalayo inawakhazika pansi.

Za mahedifoni tisatayepo nthawi yaitali. Mawu akuti alpha na theta ni maina cabe a liŵilo la mafunde a malaiti a mu ubongo, amene Hans Berger wa ku Germany anayamba kuyeza m'zaka za m'ma 1920 na makina amene lelo timati EEG. Theta ni mafunde 4 mpaka 8 pa sekondi, ndipo amaoneka kwambili munthu akayamba kusinza. Ali monga kamuvi koonetsa liŵilo pa dashibodi ya minibasi: kukakankha na cala sikuthamangitsa basi. Ma binaural beats nawo si atsopano, anawatulukila ni Heinrich Dove mu 1839. Khutu limodzi likamva kulila kwa 200 pa sekondi, lina 206, ubongo umamva kugunda kwa 6. Ofufuza ena apeza kuti kumacepetsako nkhawa pang'ono, ena sanapeze kanthu. Mu 2023 ofufuza a ku Poland anapatsa anthu 1,000 mayeso a nzelu ali kunyumba kwawo, ndipo pomvetsela kulila kumeneku mamaki anatsika. Ngati kulilako kumakuthandizani kutsekeleza congo ca maneba, mvetselani, koma musalipile munthu.

Cikalata ca CIA cija cimene cinazungulila pa TikTok ciliko zoona. Anacilemba mu 1983 ni msilikali wa America, Wayne McDonnell, amene anatumidwa kuti akaone matepi a Robert Monroe ochedwa Gateway, ndipo analemba maganizo ake. Pepala kupezeka m'kabati ya boma sikutanthauza kuti zolembedwamo zinatsimikizidwa. Boma lomwelo linathela zaka zoposa 20 likulipila anthu amene anali kukamba kuti angaone zinthu zakutali na maganizo cabe. Mu 1995 linaitana ofufuza apadela, iwo anapeza kuti palibe uthenga wa ukazitape wothandiza umene unatulukapo, ndipo pulogilamuyo, yochedwa Stargate, inatsekedwa. Mbali iyi ya nkhani siifika pa mafoni athu.

Kumene tifunika kukhalitsa ni ku utsi na mapilisi, cifukwa uku ndiye kumene anzathu akuthela. William James yemwe uja, mu 1882, anakoka mpweya woseketsa umene madokota a mano amaseŵenzetsa. Ali mkati mwake anamva kuti wazindikila cinsinsi ca zinthu zonse, ndipo analemba mapepala ambili kuti asaiŵale. Mpweya utatha anaŵelenga zimene analemba, n'kupeza mawu opanda mutu. Iye mwini anafotokoza zimenezi poyela. Apa ndiye pagona nkhani yonse ya mankhwala. Kumva mumtima kuti "nazindikila!" na kuzindikila kwenikweni ni zinthu ziŵili zosiyana, ndipo mankhwala amadziŵa kuyatsa coyambaco popanda caciŵili.

Ofufuza aciona mobweleza. Mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2022, anthu okoka camba anauzidwa kupeleka maganizo atsopano, ena atangokoka, ena asanakoke. Okokawo anaona maganizo awo kukhala apamwamba, koma oweluza amene sanadziŵe kuti walemba ndani sanaone kusiyana. Ku Leiden mu 2015 anapeza kuti camba camphamvu cinacepetsa luso lopeza mayankho ambili pa funso limodzi. Mu 2021 a pa Imperial College ku London anakonkha anthu 191 amene anali kumwa tumankhwala tocepa ta LSD na twina totele kuti anole maganizo. Ena mwa iwo anali kumwa makapisozi opanda kanthu mosadziŵa, ndipo nawonso anakamba kuti moyo wawo wasintha mofanana na anzawo. Mapilisi a Ritalin na modafinil, amene ophunzila m'mayunivesiti ambili amapatsana nthawi ya mayeso, anayesedwa ku Melbourne pa anthu 40 athanzi, zotulukapo zake n'kufalitsidwa mu 2023. Atamwa anali kulimbikila kwambili na kuthela nthawi yaitali pa funso, koma mayankho sanapambane a tsiku limene anamwa pilisi lopanda kanthu, ndipo amene anali akatswili kale ndiwo anatsika ngako. Sitikamba za munthu amene dokota anamupeza na vuto la ADHD na kumulembela mankhwalawa. Tikamba za ise amene tifuna kubweleka nzelu kwa usiku umodzi.

Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Kafukufuku wamkulu wa mu 2019, wocitika m'mizinda ya ku Europe na ku Brazil, anapeza kuti okoka camba tsiku lililonse anali na mpata woŵilikiza katatu wodwala matenda osokonezeka maganizo, aja akumva mawu na kuona adani paliponse, poyelekeza na amene sanakokepo. Kwa okoka camba camphamvu tsiku lililonse, mpatawo unafika pafupi-fupi kasanu. Si onse amene amadwala, ndipo n'cifukwa cake mnyamata wa pa kona angakuloze yekha kuti "ine nili cabe bwino". Koma palibe amene amadziŵilatu kuti mutu wake uli mbali iti, ndipo mbali ya kutsogolo ya ubongo, yoweluza na kudziletsa, imapitiliza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25. Dzina la Chainama timalichula moseka tikamanyozana, koma m'makomboni mwathu muli mabanja amene anapelekako mwana amene anali woyamba m'kilasi, ndipo kwa iwo si nthabwala. Za mankhwala a cifuwa okhala na codeine sitikambapo zambili, cifukwa olo amene amamwa sanamizila kuti awonjezela nzelu.

Woimba amene akhulupilila kuti utsi ndiwo umamulembela nyimbo angadziyese yekha popanda labu. Alembe mavesi asanu atakoka na asanu asanakoke, awasakanize, apatse mnzake wosakoka amene saopa kumuuza zoona kuti asankhe abwino. Ambili safuna kuyesa zimenezi.

Sitikamba kuti mikhalidwe ina ya maganizo ni bodza la azungu. Makolo athu anaidziŵa kale. Kum'maŵa kuli mashaŵe, ndipo ca ku Lundazi na kumpoto kwa Malawi kuli vimbuza ya Atumbuka, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa cuma ca cikhalidwe ca dziko lonse mu 2005. Ng'oma zikagunda kwa maola, wovina amafika pamene sakhalanso monga wa masiku onse. Kaya munthu amakhulupilila zotani za mizimu, aone mmene zinakonzedwela. Pali wodwala amene afuna kucila, pali ng'anga yoyang'anila, pali azimayi na ana ozungulila akuimba na kuwomba m'manja, pali nthawi yoyamba na yotsiliza, ndipo pali anthu omugwila akagwa. Palibe amene anavina vimbuza kuti adziŵe masamu amene sanaphunzile. Ise tatenga kuledzela kwa maganizo, tacotsako mpanda wonse, ndipo ticita tili tekha m'cipinda na foni.

Amonke acibuda a ku Tibet nawo amachulidwa kaŵili-kaŵili m'mavidiyo. N'zoona kuti mu 2004 ofufuza a ku Wisconsin anapeza mafunde a gamma amphamvu modabwitsa mu ubongo wawo posinkhasinkha. Koma amonkewo anali atacita zimenezi kwa maola 10,000 mpaka 50,000. Maola 10,000 ni maola atatu tsiku lililonse kwa zaka 9. Wogulitsa mamineti 7 sakuuzani zimenezo.

Lomba tibwele ku tulo. Usiku ulionse ubongo umaloŵa m'mikhalidwe yosiyana kothelatu na ya masana, umadutsa m'kusinza, m'tulo tofa nato na m'maloto, n'kubweleza kangapo kusanace. Mu 2004 ofufuza a ku Lübeck ku Germany anapatsa anthu nchito ya manambala yotopetsa, imene inali na njila yacidule yobisika imene sanawauze. Onse anayeselela kaye. Ena anapita kukagona maola 8, ena anakhala maso usiku wonse, ena anakhala maso masana. Atabwelela ku nchito ija, pafupi-fupi 6 pa 10 alionse amene anagona anaitulukila njila yacidule, pamene mwa osagona anali 2 cabe pa 10. Iyi ndiye nzelu yobisika imene tingaloze na cala, yankho limene munthu analibe madzulo koma m'maŵa ali nalo. Ofufuzawo anayesanso anthu amene anagona asanaionepo nchitoyo, ndipo kwa iwo tulo sitinathandize. Zili monga munkoyo: umafuna nthawi kuti upse, koma ngati sunaphike phala na kuikamo mizu, m'maŵa upeza cigubu ca madzi.

Mmene zimacitikila zidziŵika ndithu. Zimene taphunzila masana zimasungidwa kaye m'kambali kochedwa hippocampus. Mu 1994 Matthew Wilson na Bruce McNaughton anaona kuti maselo amene anali kuyaka pamodzi khoswe akuyenda-yenda pofuna cakudya anayakanso pamodzi khosweyo ali m'tulo. Ubongo umabweleza phunzilo, umalisamutsila kosungila kokhalitsa, ndipo polisamutsa umalilumikiza na zimene tinali kudziŵa kale. Pa kulumikiza apo ndiye pamatulukila zinthu zimene masana sitinazione.

Manje onani zimene timacita mwezi wa Okutobala ukafika, mayeso ali pafupi. Timaika mapazi mu beseni ya madzi ozizila, timagula zakumwa zopatsa mphamvu pa kantemba, timaŵelenga mpaka atambala, ndipo m'maŵa timadzitama kuti tagona maola aŵili cabe. Amene wagona maola 8 timamuona monga alibe nazo nchito. Ofufuza a ku Australia anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amacita zinthu mofanana na amene ali na moŵa wa 0.05 pelesenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 afanana na wa 0.10, woledzela wosayenela kugwila siteling'i. Amene anauka 05:00, pofika 22:00 wakwanitsa kale maola 17. Palibe kholo limene lingalole mwana kuloŵa m'cipinda ca mayeso atamwa mabotolo, koma timamuwombela m'manja akaloŵa asanagone. Ndipo kusagona kumanamiza monga mmene dobo imanamizila: pa 03:00 munthu amamva kuti zonse zaloŵa, pepala likabwela apeza kuti anangoziona.

Tidziŵa zimene ena adzayankha, ndipo ali na mfundo. Tulo si twaulele kwa onse. M'cipinda cimodzi ca anthu asanu, nthawi yokha ya bata yoŵelengela ni pamene ena onse agona. Bala ya pafupi imaliza cilimba mpaka kuca, ndipo ikaleka imayamba sipika ya mapemphelo a usiku wonse. Malata a Okutobala amatentha monga mbaula, udzudzu nawo uli pa nchito. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, malaiti anali kupita mpaka maola 21 pa tsiku, ndipo akabwela pakati pa usiku wowochelela zitsulo, wa saluni na wophunzila onse anali kuuka kuti aseŵenze. Alonda, manesi na makondakita a basi zoyamba sasankha nthawi yogona. Kuuza anthu amenewa kuti "gonani maola 8" monga kuti ni nkhani ya kufuna cabe n'kuwanyoza.

Koma ngati zili conco, ndiye kuti tulo ni nkhani yofunika kuimenyela monga madzi na malaiti. Makhansala athu tiziwafunsa za mabala amene ali pakati pa nyumba za anthu na maola amene amatsekela. Masukulu ogonela konko amene amanyadila kuutsa ana usiku kuti akaŵelenge afunika kufunsidwa kuti aonetse phindu lake. Makolo amene amaona mwana wa Giledi 12 atagona masana n'kumuchula waulesi afunika kuuzidwa kuti kagonedwe ka mamineti 20 kapena 30 ni mbali ya kuŵelenga. Ndipo pali gawo limene lili m'manja mwathu, limene sitinganamizile ZESCO olo neba: ola lija la pakati pa usiku limene timathela pa foni, nthawi zina tikutamba mavidiyo a mmene tingatsegulile ubongo.

Kwa amene afunabe kakiyi kogwila m'manja, kalipo kamodzi kamene kanayesedwa. Zimakambidwa kuti Thomas Edison anali kusinza pa mpando atagwila tumipila twa citsulo, kuti tulo tukamugwila tumipilato tugwe na kumuutsa, ndipo wojambula Salvador Dalí anali kucita cimodzimodzi na kiyi na mbale. Mu 2021 ofufuza a ku Paris, motsogoleledwa na Delphine Oudiette, anayesa zimenezi pa anthu 103. Anawapatsa nchito ya manambala yokhala na njila yacidule yobisika, ndiyeno anawakhazika pa mpando wotsamila mu mdima kwa mamineti 20, atagwila kabotolo kopepuka m'dzanja, makina a EEG ali kumutu. Mwa amene anakhala m'kusinza koyambilila kwa masekondi 15 kapena kuposa, 83 pelesenti anaitulukila njila ija. Mwa amene sanasinze anali 30 pelesenti, ndipo mwa amene anapitilila mpaka tulo tozama anali 14 pelesenti cabe. Ni kafukufuku mmodzi, pa mtundu umodzi wa funso, koma kumuyesa kunyumba kufuna cabe mpando, sipuni na mbale ya citsulo pansi pake.

Ofunika kudziŵa ni akuti onse aja anali atalimbana kale na manambalawo asanakhale pa mpando. Ndipo kabotolo katagwa sanauke na yankho pakamwa. Anabwelela ku nchito ija, anapitiliza kuŵelengela funso pambuyo pa funso, ndipo njila yacidule inaonekela patapita mafunso ena ambili.